Minibasi ya dizilo ikayamba kuwira

Makaniko akakuuzani kuti gasiketi ya hedi yapsa, musathamangire kufunsa mtengo. Yambani mwafunsa chimene chaipsereza. Kawirikawiri gasiketi siipsa yokha, ndipo mukaika yatsopano musanapeze gwero la kutenthako, posachedwa mudzabwereranso kugalaja komweko.

Ntchito ya gasiketi ndi kutseka pakati pa hedi ndi buloko kuti moto wa m'masilinda, madzi ndi oyilo zisakumane. Mu injini za Toyota Hiace zakale, monga 3L ya malita 2.8 ndi 5L ya malita 3.0, pisitoni imapanikiza mpweya pafupifupi ka 22, kuwirikiza kawiri mmene injini ya petulo imachitira. Injini yotere ikatentha mopyola muyezo hedi imapindika pang'ono, moti ndi maso simungaone, koma mpweya wamoto umapeza podutsira. Hedi ya injini ya 1KZ-TE, yomwe ndi ya aluminiyamu, imafika pong'aluka.

Tiyambire pamsewu. Mwadzaza anthu ndi matumba a mpunga, mukukwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa mu Okutobala, kapena mwayamba chitunda cha Chiweta, ndiye muvi wa geji ya kutentha wadutsa pakati. Musadikire kuti ufike pofiira. Tsitsani giya kuti fani ndi pampu ya madzi zizungulire mwamsanga, tsegulani hita ngati ikugwira ntchito, chifukwa imachotsako kutentha kwina, ndipo fufuzani malo abwino oima. Ngati madzi sakutayika, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zochepa kuti madzi apitirize kuzungulira. Koma mukaona nthunzi ikufuka pansi pa mpando kapena madzi akuchucha, zimitsani pomwepo. Okwera adzadandaula, kondakitala adzati siteji yayandikira, koma kakilomita kamodzi kameneko ndi kamene kamapha injini zambiri.

Chenjerani ndi muvi umene unakwera kenako n'kutsika wokha mwadzidzidzi. Nthawi zina zimatanthauza kuti madzi atheratu ndipo sensa ilibenso choyeza.

Chivundikiro cha radiyeta musachikhudze injini ili moto, chifukwa madzi owira adzakuthovokerani kumaso. Dikirani theka la ola kapena kupitirira apo, mpaka paipi yam'mwamba itafewa moti mungathe kuifinya. Kenako phimbani chivundikirocho ndi chiguduli, chipotozeni pang'ono mpweya uyambe watuluka, ndiye muchotse. Madzi muthire pang'onopang'ono injini ikulira. Kukhuthulira ndowa ya madzi ozizira pa chitsulo chotentha ndiko kung'alula hedi ndi manja anu.

Mukafika kunyumba, kuyeza kwabwino n'kwa m'mawa injini isanalire. Dzazani radiyeta, siyani chivundikiro chosatseka, ndipo lizani injini. Tithovu tochepa poyambirira si nkhani, koma tikamangobwera osaleka, umenewo ndi mpweya wa m'silinda umene ukulowa m'madzi. Tsekani chivundikiro mugwire paipi yam'mwamba: ikalimba gwa pasanathe mphindi ziwiri injini ikadali yozizira, nkhani ndi yomweyo. Yang'anani oyilo pa dipstick ndi kunsi kwa chivundikiro chothirira oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowamo. Utsi woyera umene sukutha ngakhale injini itatentha nawonso ndi chizindikiro, makamaka ngati madzi akuchepa tsiku ndi tsiku koma pansi pali pouma. Oyilo akakhala woyera bwino musati mwapulumuka, chifukwa gasiketi zambiri zimabooka pakati pa silinda ndi njira ya madzi, oyilo osakhudzidwa.

Choopsa kwambiri n'chakuti m'mawa injini izungulire pang'ono n'kuima ngati yagwidwa. Musaikakamize ndipo musauze anyamata kuti akankhe. Madzi sapanikizika, ndipo akadzaza m'silinda usiku amapinda con rod. Makaniko amasule ma glow plug, azungulitse injini, aone silinda imene ikulavula madzi.

Tsopano gwero. Yambani ndi zotsika mtengo. Chivundikiro cha radiyeta chimasunga mphamvu ya mpweya kuti madzi asawire pa madigiri 100, ndipo labala wake akatha madzi amawira msanga n'kumatayikira m'kabotolo kolandira madzi osefukira. Fanibeluti yolefuka imaterereka. Fani ya injini zimenezi ili ndi kilatchi ya mafuta pakati pake: zimitsani injini itatentha, muikankhe ndi dzanja. Ikazungulira momasuka maulendo angapo, yatha, ndipo galimoto yotere imayenda bwino pamalo athyathyathya koma imawira pachitunda ndi pamzere wa magalimoto m'tauni. Pampu ya madzi ikamadontha pa kabowo kake kapena ikamagwedera, isintheni. Radiyeta yotsekeka mumaidziwa poisisita injini itazima: pena potentha, pena pozizira.

Chimene chimatseka radiyeta nthawi zambiri ndi madzi amene timathira. Madzi a pamjigo, makamaka m'madera a madzi amchere, amasiya zokakamira m'timapaipi ndipo amadya chitsulo. Coolant amateteza ku dzimbiri, choncho ngakhale kuno kotentha ndi wofunika. Dzira, sopo ndi zina zimene anthu amathira kuti atseke podontha zingakufikitseni pasiteji, koma zimatsekanso timapaipi tabwinobwino.

Pa nkhani ya thermostat sindigwirizana ndi amakaniko amene amaichotsa n'kuitaya, amvekere m'dziko lotentha ilibe ntchito. Ikafa igulidwe ina. Popanda iyo injini imachedwa kutentha, imamwa dizilo wambiri ndi kutha msanga, ndipo pa injini zina madzi ena amangozungulira m'kati osadutsa mu radiyeta. Vuto lenileni limakhala labisika chabe.

Hedi ikatsika, musalole kuti angoipukuta ndi sandipepa n'kubwezerapo. Ipite kumakina akaiyeze ngati yapindika, komanso aipope mpweya kuti aone ngati yang'aluka. Ming'alu imakonda kuoneka pakati pa mavavu. Kusenda hedi kuli ndi malire ake, ndipo imene inasendedwapo kale mwina ikufunika ina. Pamwamba pa buloko payezedwenso. Gasiketi za injini zimenezi zimasiyana kuchindikala malinga ndi mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko, choncho pokagula tengani yakaleyo muyerekeze zizindikiro zake. Yotsika mtengo kwambiri isiyeni pashelefu. Mabowo a mabawuti atsukidwe asatsale oyilo kapena madzi, mabawuti otamuka asinthidwe, ndipo kumanga kuyambire pakati kupita kunja, mobwerezabwereza, ndi torque wrench motsatira buku la injiniyo. Makaniko amene amamanga ndi paipi pa sipanala n'kumati dzanja lake limadziwa, muthokozeni mupite kwina.

Poti timing belt yamasulidwa kale, ikaninso yatsopano ngati yayenda pafupifupi makilomita 100,000. Sinthani oyilo ndi fyuluta, tsukani radiyeta, ndipo pothira coolant tsegulani hita kuti mpweya wotsalira utuluke. Sabata yoyamba muziyang'ana madzi m'mawa uliwonse injini isanalire, ndipo ulendo wa pachitunda ndi katundu wodzaza uyambe wadikira kufikira madziwo atasiya kutsika.