Malangizo: Kukapumira kunja pali mlandu wakale

Nkhani ya lero ndi ya bambo kapena mayi amene wapuma pantchito, akufuna kukakhala dziko lina, koma paunyamata anapalamulapo mlandu.

Thailand imapereka visa ya O-A kwa munthu wazaka 50 kupita m'tsogolo amene ali ndi 800,000 baht kubanki kapena penshoni ya 65,000 baht pamwezi. Ndalama pazokha sizitsegula khomo: amafunanso kalata ya apolisi akwawo yonena za mbiri yake.

Pa visa ya anthu opuma pantchito, South Africa imafuna kuti munthu azipeza R37,000 pamwezi. Lamulo lake la zolowa m'dziko la 2002 limakana amene anapezeka wolakwa pa kupha, kuzembetsa anthu kapena mankhwala ozunguza bongo. Amene anagamulidwa kukhala kundende popanda mwayi wolipira chindapusa angathe kutchedwa wosafunika, komabe nduna ili ndi mphamvu zomumasula ikaona chifukwa chomveka. Apa mpamene kalata yofotokoza bwino nkhaniyo imagwira ntchito.

Amalawi amene anakhalako ku Britain asamale kwambiri. Kalata ya apolisi kumeneko imachokera ku ACRO, ndipo ikalembedwa kuti "No Live Trace" ndiye kuti mlandu ulipo ndithu, kungoti ndi wakale. Akazembe ena amafunsa kuti unali wotani.

Kubisa ndiye koopsa: bodza likadziwika, visa imalandidwa ngakhale munthu atakhazikika kale. Omvera, musanagulitse nyumba, katengeni kalata ya apolisi ndi chigamulo cha khoti, muonetse loya wodziwa malamulo a dzikolo.