Malonda a komishoni pa foni: phindu lili posankha katundu mmodzi

Masiku ano munthu akhoza kupeza ndalama potsatsa katundu wa eni ake pa WhatsApp kapena pa Facebook, popanda mpamba wopikulira. Iye amaika chithunzi ndi mtengo, wogula akapezeka amamulumikiza kwa mwini sitolo, ndipo malonda akatheka amalandira komishoni yake pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kunja ntchitoyi ndi yakale ndithu. Kampani ya Amazon inayamba mu 1996 kulipira anthu oibweretsera ogula kudzera pa intaneti. Kwa wamalonda wa ku Kasungu, mwayi wapafupi uli m'masitolo a pa boma ndi a ku Lilongwe, komanso kumakampani ogulitsa masola kudzera mwa maejenti.

Ambiri amagwa mphwayi msanga chifukwa amatsatsa chilichonse: lero nsapato, mawa mbuzi, mkuja mafoni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anthu sadziwa kuti munthu wotere amufune pa chiyani, ndipo bando yake imathera pachabe. Wopindula ndi amene wasankha mtundu umodzi wa katundu n'kudziwika nawo. Posankhapo pali mafunso anayi ofunika kuwayankha.

Kodi ndalama imabwera liti?

Boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo amagwira ndalama panyengo imodzi. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, kawirikawiri cha mu Epulo, ndalama imayenda mpaka cha mu Ogasiti. Iyi ndiyo nthawi ya malata, simenti, njinga, masola ndi mafoni. Nyengo yomweyo alimi a chimanga, soya ndi mtedza amafuna matumba, kuphatikizapo a PICS osunga chimanga popanda mankhwala. Nazale za fodya zikayamba, pamafunika makeni othirira. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala maso onse amakhala pa mbewu ndi feteleza. Mu Januwale ndi Febuluwale m'midzi mumauma, ndipo wotsatsa mipando ya sofa miyezi imeneyi amangodzitopetsa.

Choncho wotsatsa wanzeru amasankha gulu limodzi la ogula, monga alimi a fodya wa bale a ku Santhe kapena ku Chamama, kenaka n'kuona katundu wa mtundu umodzi amene gululo limafuna chaka chonse. Wosankha zomangira amatsatsa malata ndi simenti m'chilimwe, mapepala apulasitiki ofolera ndi misomali mvula ikayandikira.

Kodi komishoni yake ikubweza bando?

Masamu ake ndi apafupi. Mwachitsanzo, ngati katundu ndi wa K2,000 ndipo komishoni ndi K10 pa K100 iliyonse, wotsatsa apeza K200. Ngati katundu ndi wa K120,000 ndipo komishoni ndi K5 pa K100 iliyonse, apeza K6,000. Kuti woyambayo afike pa K6,000 ayenera kupeza ogula 30, pomwe mnzakeyo wapeza mmodzi yekha. Pa ndalamayo achotsepo bando, mayunitsi oimbira, thiransipoti ndi ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti. Chotsalacho ndicho phindu.

Ndi bwinonso kupangana komishoni ya peresenti kusiyana ndi ndalama yokhazikika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'masitolo inakwera. Pa nthawi ngati imeneyo, wopangana ndalama yokhazikika amatsala pomwepo pamene mwini katundu wakweza mtengo.

Kodi wogula akufuna womulangiza?

Sopo, shuga ndi mchere zili pa okala iliyonse, ndipo palibe amafunsa nzeru pozigula. Koma mlimi wa ku Chulu wofuna sola amakhala ndi mafunso: kodi iyatsa mababu angati, itchaja mafoni angati, batire yake ikhala nthawi yaitali bwanji, nanga ikafa abweza kuti? Wofuna malata amafuna kudziwa geji yake, chifukwa malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32, ngakhale pachithunzi amaoneka ofanana. Apa ndi pamene wotsatsa amakhala ndi ntchito. Amene amayankha mafunso otere moona, m'chilankhulo chomwe wogula akumva, ndiye amene nambala yake imapatsirana m'makalabu a alimi.

Kodi mwini katundu ndi wodalirika?

Katundu akakhala wachinyengo, wogula sapita ku Lilongwe kukadandaula. Amafika pakhomo pa yemwe anamutsatsa. Nchifukwa chake wotsatsa ayenera kukaona yekha sitoloyo ndi katunduyo asanaike chithunzi. Apangane ndi mwini wake polemba, ngakhale pa uthenga wa foni: komishoni ndi zingati, ilipidwa liti, ndipo adzadziwa bwanji kuti wogula uyu watumidwa ndi uje. Njira yosavuta ndi yoti wogula azitchula dzina la womutuma ndipo lilembedwe pa lisiti. Ndalama ya katundu ipite kwa mwini sitolo, wotsatsa asaisunge.

Pali katundu wina woyenera kumutalikira. Mankhwala a anthu amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, a mbewu ndi Pesticides Control Board, ndipo kugulitsa kwake kumafuna chilolezo. Mbewu yopanda chizindikiro chovomerezeka ikhoza kuphetsa mlimi chaka chathunthu. Komanso malonda aliwonse amene amati munthu ayambe walipira yolowera, kenaka azipeza ndalama pokopa anzake, si komishoni ayi. Banki yaikulu ya Reserve yakhala ikuchenjeza anthu za malonda otere.

Wofuna kuyamba atenge mwezi umodzi woyesera. Asankhe katundu mmodzi ndi sitolo imodzi, ndipo m'kope alembe anthu ofunsa mtengo, ogula, ndi ndalama yothera pa bando. Ofunsa akachuluka koma ogula palibe, vuto ndi mtengo kapena nyengo. Akasowa ndi ofunsa omwe, katunduyo si wa anthu akewo, ndipo asinthe msika wa fodya usanatseke.