"THUPI LANGA NDIMALIDZIWA": MAU AMENE AMACEDWETSA ODWALA

M'makomboni a ku Kitwe ndi ku Ndola, monga Chamboli, Chimwemwe, Chifubu ndi Masala, muli mau amene amamveka kawirikawiri: "Thupi langa ndimalidziwa, awa ndi malungo cabe." Munthu akanena tero amapita pa kantemba kapena ku sitolo ya mankhwala, nagula mapilisi, nabwerera kukagona. Ena amacira. Ena amafika ku cipatala patapita masiku anai kapena asanu, atanyamulidwa ndi abale. Phunziro la lero likufotokoza cifukwa cake munthu amakhulupirira kuti adziwa zimene sadziwa, ndi ngozi yake pa umoyo.

ZIMENE AKATSWIRI ANAPEZA

M'caka ca 1999 akatswiri awiri a za maganizo a anthu, David Dunning ndi Justin Kruger a pa Cornell University ku America, anapatsa ophunzira mayeso a galamala ndi a kuganiza molongosoka. Atatha anawafunsa kuti aganiza kuti acita bwanji poyerekeza ndi anzao. Gulu limene linalephera kwambiri linaposa anthu 12 okha mwa 100 alionse, koma eni ake anali kuganiza kuti aposa anthu 62. Amene anakhoza kwambiri ndiwo anadziika pansi pang'ono.

Akatswiriwo anafotokoza kuti nzeru imene imathandiza munthu kucita cinthu bwino ndi yomweyo imene imamuthandiza kuona pamene walakwa. Wosowa nzeruyo amalakwa, ndiponso saona kulakwa kwake. Koma ena mwa olepherawo ataphunzitsidwa pang'ono, anayamba kudziyesa molungama.

MMENE ZIMAYAMBIRA PA MATENDA

Matenda ambiri otenthetsa thupi, monga cimfine, amatha okha patapita masiku owerengeka. Munthu akamwa mankhwala a malungo pa nthawi yotere nacira, amati mankhwalawo ndiwo amuciritsa. Zikacitika katatu kapena kanai, amayamba kudziyesa katswiri, nayamba kulangiza mkazi wake, ana ndi anzake a ku mugodi. Palibe amene anapima magazi ake kuti aone ngati anali nao malungo, cotero palibe comuonetsa kuti analakwa.

Bvuto ndi lakuti kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'mfundo sizizindikiro za malungo okha. Cibayo, taifodi, matenda oumitsa khosi ndi matenda a m'cikhodzodzo amayamba cimodzimodzi. Mankhwala a malungo saciritsa matenda amenewa. Pamene munthu akumwa mankhwala olakwika, nthenda yeniyeni imakula.

CITSANZO CA CHLOROQUINE

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Chloroquine anali kupezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse. Ambiri anali kumwa mapilisi awiri kapena atatu, thupi likazizira n'kuleka. Kumwa mankhwala mosakwanira ndi cimodzi mwa zinthu zimene zimathandiza tizirombo kuti tiwazolowere. Chloroquine anayamba kulephera, ndipo ofufuza, pamodzi ndi a Tropical Diseases Research Centre ya ku Ndola, anaona zimenezi popima odwala. M'caka ca 2002 Boma la Zambia linagamula zosintha mankhwala oyamba a malungo kukhala Coartem. Anthu amene anali kunena kuti "Chloroquine amandiyanja" analibe njira yodziwira okha kuti mankhwalawo atha mphamvu.

NGAKHALE A ZA UMOYO AMALAKWA

Kudzikhulupirira mopitirira sikusankha wophunzira kapena wosaphunzira. Kwa zaka zambiri anchito a m'zipatala anali kupereka mankhwala a malungo pongoyang'ana wodwala ndi kumugwira pamphumi, makamaka kumene kunalibe maikulosikopu. Kupima magazi kutafala, kunapezeka kuti ambiri mwa odwala otentha thupi analibe malungo. M'caka ca 2010 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti wodwala aliyense woganiziridwa malungo apimidwe asanapatsidwe mankhwala. Ngati dokotala wa zaka makumi awiri pa nchito afunika cipangizo kuti atsimikize, munthu wa pa kantemba afunika koposa.

ZOYENERA KUCITA

1. Munthu akatentha thupi apite ku kiliniki tsiku lomwelo kapena lotsatira. Kupima malungo ndi kadontho ka magazi a pacala kumatenga mphindi 15 mpaka 20.

2. Akapezeka ndi malungo, amwe Coartem kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Wamkulu amamwa mapilisi 24 onse pamodzi. Asasiye cifukwa thupi lapepuka, ndipo asagawire wina.

3. Akapezeka alibe malungo, asakangane ndi namwino kapena kukagula mankhwala kwina. Alole kuti nthenda yeniyeni ifufuzidwe, ndipo abwerere ngati sapeza bwino.

4. Mwana amene akomoka, akana kuyamwa kapena kumwa, asanza ciliconse, apuma mofulumira kapena wauma khosi, atengeredwe ku cipatala msanga, usiku kapena usana. Ku Ndola kuli Arthur Davison Children's Hospital ndi Ndola Teaching Hospital, ku Kitwe kuli Kitwe Teaching Hospital. Malungo angathe kupha mwana wamng'ono m'tsiku limodzi kapena awiri.

5. Wodwala auze namwino mankhwala onse amene wamwa kunyumba, osabisa.

Munthu asanamwe mankhwala kapena kupatsa mwana, ayenera kudzifunsa kuti: "Kodi ndadziwa bwanji kuti ndi malungo?" Ngati yankho ndi lakuti "ndimangodziwa," ndiye kuti sanadziwe. Makolo anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya kutentha thupi malo ofunsirapo ndi ku kiliniki.