Mayi a ku Kachulu, mperekezeni mwanayo

Talandira kalata yochokera ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Mayi athu akuti mwana wawo wamkazi, yemwe samva, waitanidwa ku msonkhano wa anthu osamva, koma iwo akuda nkhawa poti sanayendepo yekha.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma musamuletse. Ngati ya thiransipoti ingapezeke, mperekezeni. Pakhomo amalankhula nanu ndi zizindikiro zomwe munapangana pabanja, zomwe ngakhale asodzi anzanu padoko sazimvetsa. Ku msonkhanoko akapeza anzake akucheza, kutsutsana ndi kuseka m'chinenero cha manja cha Malawi, chinenero chenicheni chokhala ndi malamulo ake. Ena mwa iwo anaphunzira ku sukulu za osamva za ku Mua, ku Maryview kapena ku Embangweni, ndipo lero akudzidalira. Mwana wanu akufunika kuwaona ndi maso ake anthu amenewa.

Bungwe la MANAD ndilo limaimira osamva m'dziko muno. Musananyamuke, kafunseni ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku Zomba kuti mudziwe okonza msonkhanowo ndi komwe mwanayo akagone. Inunso mukaphunzireko moni wa manja. Mukabwerako mutilembere, mayi.