Malangizo: Kukonza Usiku wa Sewero Lolowamo Aliyense ku Domasi

Mu 2011 gulu la zisudzo la ku Britain lotchedwa Punchdrunk linatsegula sewero la Sleep No More mumzinda wa New York. Mipando ya m'mizere munalibe. Wolipira pakhomo ankapatsidwa chigoba choyera chovala kumaso, n'kumalowa chipinda ndi chipinda kulondola wosewera amene wamukonda, ndipo miyendo ikalema ankakakhala pa bala n'kuitanitsa cocktail. Achinyamata athu akaona zoterezi pa foni amayesa n'zachilendo, koma chachilendo ndi tambula yokhayo. Kukokera owonera m'sewero kuno ku Zomba tinakuyamba kale. A Travelling Theatre a ku Chancellor College, m'masiku a Chris Kamlongera ndi David Kerr, anakachita zimenezi ku Mbalachanda mu 1981, kenako m'midzi ya kufupi ndi Liwonde pa nkhani za umoyo, ndipo bungwe la CRECCOM lakhala likuyenda nazo m'midzi kuchokera mu 1999. Nanga ndani sanavomerepo "tilitonse" agogo akuponya nthano?

Malangizowa ndi a gulu la achinyamata, ophunzira a pa Domasi College of Education, komiti yosaka ndalama zofolera sukulu, kapena mwini malo ochezera pakati pa Songani ndi Malosa, amene akufuna kusangalatsa anthu 40 mpaka 60 usiku umodzi.

1. Yambani ndi nkhani, zovala zibwere pambuyo

Magulu ambiri amayamba n'kukangana za zovala ndi mayina a zakumwa, sewero n'kulisoka dzulo lake. Mwatero mwakonza disiko yovala zachilendo basi. Sankhani nkhani imene munthu wa kuno angailowe popanda kumufotokozera. Ine ndimakonda mlandu wa pabwalo la amfumu, chifukwa aliyense amadziwa pokhala pake: wodandaula uku, woyankha uko, nduna pambali pa mfumu, mboni kudikira kuitanidwa. Mlanduwo ukhale wa m'chigwa muno. Nsomba zatha m'dziwe la kalabu usiku umodzi, pamene mlonda akuti sanagone. Wina watseka ngalande n'kupatutsira madzi m'munda mwake, mpunga wa mnzake n'kuuma. Ku Domasi, kumene kuli malo a boma ofufuza za ulimi wa nsomba a National Aquaculture Centre, nkhani ya chambo ndi makumba obedwa sifunika kuiwotcha kawiri.

Wofuna zakale ali nazo zambiri: Domasi Mission imene Alexander Hetherwick anatsegula mu 1884, kapena Zomba ali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, kalaliki ali ndi tayi, mesenjala ali ndi njinga. Nkhani ya Napolo wa mu Disembala 1946 ndi yokoka mtima, koma ndikupemphani muisiye. Namondwe wa Freddy wa mu 2023 akadali m'maso mwa anthu, ndipo madzi otenga anthu si nkhani yomwera.

2. Kagogodeni kaye kwa eni dera

Musanasindikize chikalata chilichonse, pitani kwa amfumu a m'mudzimo, osati pa foni, ndipo musapite chimanjamanja. Afotokozereni kuti padzakhala wina wosewera ngati mfumu, kuti asadzamve kwa anthu kuti ana awanyoza. Dziwitsani apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi. Ngati mudzagulitse mowa pamalo opanda laisensi, kafunseni chilolezo kukhonsolo ya boma la Zomba. Zisudzo zolipiritsa zili pansi pa lamulo la 1968 loona za zisangalalo, ndipo nyimbo za oimba ena zili ndi eni ake, a COSOMA ndiwo amatolera. Zonsezi funsani kudakali milungu itatu.

3. Tsiku

Loweruka la kumapeto kwa mwezi, pakati pa Meyi ndi Okutobala, anthu atakolola ndipo mvula palibe. Juni ndi Julaye mphepo yotsika m'phiri la Malosa imaluma, choncho konzani mbaula. Pewani mwezi wa Ramadan, ndipo funsani za zinamwali, chifukwa tsiku lotuluka anyamata ku jando manganje adzakulandani anthu onse. Kukagwa maliro m'mudzimo, sinthani tsiku osanyinyirika.

4. Mlendo aliyense alandire ntchito pakhomo

Apa ndi pamene pagona usiku wonse. Munthu amene walipira n'kukhala pampando kudikira kuti mumuseketse, amatopa msanga n'kuyamba kuyang'ana foni. Mupatseni chochita asanakhale n'komwe.

Dulani timakadi 60 ta katoni. Pa kalikonse lembani udindo ndi chinsinsi chimodzi chachifupi. Kena: "Ndinu mlongo wa mlonda. Usiku umenewo munamuona ku kanema pa Songani." Kena: "Ndinu wogulitsa kanyenya. M'mawa mwake munagula chidebe cha nsomba motchipa, musaulule msanga." Kena kongoti: "Ndinu nduna. Funsani funso limodzi kwa mboni iliyonse." Makadi achinsinsi chenicheni akhale 8 kapena 10 okha, otsalawo akhale a nduna, achibale ndi anansi. Wolandira alendo akhale wa maso akuthwa. Mayi wamanyazi amene wabwera atagwira mkono wa mnzake musamupatse umboni waukulu, mupatseni za m'gulu. Bambo wolowa akuseka mokweza, uyo ndiye wa kanyenya.

Ndipo wolandirayo asatuluke m'sewero. Asanene kuti "takulandirani ku pulogalamu yathu", koma agwade pang'ono n'kuti, "Mwafika anganga? Fulumirani, amfumu akhala kale, mlandu wa mdzukulu wanu uja ndi lero." Mudzaona nkhope ya mlendo ikusintha pomwepo. Amene sadziwa kuwerenga munong'onezeni udindo wake kukhutu, mwaulemu, ngati mukumuuza nkhani ya kubanja. Wokana kulowa m'sewero musamukakamize, ameneyo akhale "mlendo wodutsa". Ndaonapo oterowo akudzuka okha mlandu utafika potentha.

5. Pezani mkhalapakati wodziwa kuzimitsa moto

Osewera enieni asapose 6 kapena 7. Asaloweze mawu, adziwe chabe chiyambi, mfundo zitatu zoyenera kuululika, ndi mathero awiri kapena atatu amene nduna zingasankhe. Koma pakhale munthu mmodzi woima pakati pa sewero ndi anthu. Augusto Boal wa ku Brazil, amene anatchukitsa zisudzo zoimitsa pakati kuti owonera alowererepo, ankamutcha joker. Kwa ife ndi nduna yaikulu ya amfumu: ndiye amaloza wolankhula, amadula wotalikitsa, amabweza nkhani ikasochera.

Ndinaphunzira kufunika kwake ndi manyazi. Usiku wina tinachita mlandu wa mbuzi yobedwa, ndipo mnyamata wathu anasewera wakuba mwaluso kwambiri, akuseka monyoza uku akutokosa m'mano ndi kamtengo. Bambo wina amene anali atamwa matoti angapo, yemwenso mbuzi zake zinali zitabedwadi chaka chomwecho, anavula nsapato n'kumufikira. Ife tinangoti kukamwa yasa. Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wophika, yemwe anayambitsa nyimbo n'kuombera m'manja mpaka onse anavomera, bambo aja n'kukhala pansi nsapato ili m'manja. Kuyambira pamenepo timagwirizana zinthu zitatu tisanayambe. Wezulo ikalira kawiri aliyense aime pomwe ali. Wosewera sagwira mlendo, mlendo sagwira wosewera. Ndipo dzina la munthu weniweni wa m'deralo silitchulidwa, ngakhale moseka, chifukwa mawa anthuwo akakumana kuchigayo inu mulibe.

Gawani seweroli patatu, gawo lililonse mphindi 20 kapena 25. Pakati pa magawo anthu adzuke, akatenge chakumwa, akafunse mboni m'makona. Miseche ya nthawi yopumayi ndiyo imakometsa gawo lotsatira.

6. Zovala

Musauze alendo kuti agule zovala, ambiri angokhala kunyumba. Pa chikalata lembani chinthu chimodzi chimene aliyense ali nacho: duku ndi chitenje kwa amayi, chipewa kapena jekete lakale kwa abambo. Pakhomo ikani dengu la zobwereka, la mataye, magalasi opanda maso, ndodo ndi mikanda, zotola pa kaunjika. Ngati nkhani ndi ya nthawi ya atsamunda, kaitaneni gulu la beni, limene kavinidwe kake kanatengera perete wa asilikali a King's African Rifles. Makabudula a khaki, mamendulo a zitsekerero za mabotolo ndi kuguba kwawo kudzatsegula usiku bwino kuposa sipika iliyonse. Muwalipire, si zokongoletsa zaulere.

Zinthu zinayi zisalowe: zigoba za Gule Wamkulu, chilichonse cha kusimba, nsalu ya chipani, ndi yunifolomu yeniyeni ya apolisi kapena asilikali. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, si chovala chomwera mowa. Mkanjo ndi kofia nazonso si zoseweretsa pamalo pamene pali botolo.

7. Zakumwa: matebulo awiri, ulemu umodzi

M'chigwa cha Domasi muli Asilamu ambiri, muli a mipingo yosamwa, mulinso amene adzayendetse galimoto. Mukaika mtima pa mowa wokha, theka la alendo mwalitaya. Konzani chakumwa chilichonse kuti chikome chopanda mowa, toti izithiridwa kwa wofuna yekha, pa tebulo lina, m'matambula ena osasakaniza potsuka.

Zitatu zikwana. Choyamba malambe: viikani makapu 2 a malambe pa lita imodzi ya madzi ofunda kwa ola limodzi, tikitani, sefani pa nsalu yoyera, thirani shuga ndi mandimu pang'ono. Chachiwiri bwemba wowiritsa ndi jinja wosinja, amene amagwirizana ndi Malawi Gin ngati anabadwira limodzi. Chachitatu chidede, chofiira ngati magazi, chimene chimakongola mukaponyamo sitiroberi wa m'phiri la Zomba pa nyengo yake. Thobwa likhalepo mumtsuko ndi chikho chake, koma la tsiku lomwelo, lisanayambe kulusa. Zipatseni mayina a m'sewero: "Mboni Yonama", "Tulo ta Mlonda", "Chindapusa". Munthu akaitanitsa mokweza kuti "Ndipatseni Mboni Yonama iwiri", sewero likupitirira lokha.

Muyeso usakhale wa m'maso. Toti imodzi ndi mamililita 25, ndiye kuti botolo la mamililita 750 limatulutsa matoti 30. Pa alendo 50, ngati akumwa ndi theka, aliyense matoti awiri, mabotolo awiri akwana n'kutsalako. Tikiti ibwere ndi timapepala tiwiri ta chakumwa, ndipo bala itsekedwe gawo lomaliza likamayamba, kuti oweruza mlandu akhale anthu oona bwino. Kachasu wosadziwika kochokera ayi, ndipo wosakwana zaka 18 asayandikire tebulo la mowa ngakhale atatumidwa ndi bambo ake.

Madzi onse, ndi opangira ayisi omwe, akhale owiritsa kapena othira WaterGuard. Kolera woopsa uja wa mu 2022 anayambira kwa anansi athu ku Machinga. Ikani ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo ndi kuchimbudzi. Chakudya chituluke msanga anthu asanamwe pamimba pali pululu: chinangwa chokazinga, mtedza, zitumbuwa, chambo chowotcha. Nyama ikhale yozingidwa ndi Msilamu, nkhumba isaoneke.

8. Malo ndi kuwala

Simukufunika holo yaikulu. Bwalo lokhala ndi mtengo wa mango, khonde ndi zipinda ziwiri likwana. Pansi pa mtengo pakhale bwalo la milandu, pakhonde "msika" pamene pali zakumwa, chipinda china "nyumba ya mlonda" momwe alendo angalowe atatuatatu kukafufuza, n'kupezamo ukonde wonyowa pansi pa mphasa. Magetsi a ESCOM muwatenge ngati mlendo, akhoza kuchoka osatsanzika. Tchajani nyali za sola 10 masana, ndipo ng'oma zikhale pafupi kuti sipika ikazima phokoso lisazime. Makandulo pafupi ndi zitenje ndi udzu wofolera ayi.

9. Ndalama

Gulitsani matikiti pasadakhale pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kuti mugule zinthu molingana ndi anthu. Mitengo muifunse sabata yomweyo, ya mwezi watha ndi mbiri chabe. Werengani kuti zolowa zonse zibwezedwe ndi matikiti 30 oyamba. Wosunga ndalama asakhale wothira zakumwa, ndipo achibale a osewera nawonso alipire, apo ayi mudzadzaza bwalo thumba lili pepuu.

10. Kutseka ndi kubwerera kunyumba

Yambani 6 koloko madzulo, chigamulo chiperekedwe isanakwane 9 koloko. Nduna zikagamula, osewera avule zipewa pamaso pa anthu n'kutchula mayina awo enieni, makamaka wosewera wakuba uja, kuti chidani chithere pomwepo. Msewu wa M3 usiku ndi wamdima ndipo magalimoto a ku Liwonde amathamanga, choncho panganani ndi a kabaza odziwika kapena minibasi imodzi kudakali masana, muwapatse ya mafuta. Atsikana asapite okha, ndipo amene wamwa asakwere njinga yamoto yake, aigoneke pomwepo adzaitenge mawa. M'mawa sesani bwalo, werengani matambula, bwezani mipando ya kusukulu isanafike Lolemba, ndipo awiri mwa inu akathokoze amfumu atanyamula botolo la malambe otsala.