Ntchito ili ku Capital Hill, nyumba ya lendi ikhale kuti?

Kusankha dera lochitako lendi mu Lilongwe kumayamba ndi funso la mayendedwe, chifukwa mzindawu ndi wotambalala ndipo uli ndi mitima iwiri: Old Town, kumene kuli msika waukulu ndi depoti ya minibasi, ndi City Centre, imene inamangidwa pokonzekera likulu la dziko, lomwe linasamuka ku Zomba mu 1975. Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Zomba amene walembedwa ntchito ku Capital Hill. Azakhali ake amupezera nyumba yotchipa ku Area 36, pafupi ndi iwo, koma mnzake akumuuza kuti afune ku Area 18 ngakhale lendi yake ndi yokwera. Iye akuopa kukhumudwitsa azakhali, akuopanso kuti malipiro angathere panjira.

Mantha achiwiriwa ndiwo oyenera kuyamba nawo. Lendi payokha siuza munthu mtengo weniweni wa nyumba. Pamafunika kuphatikiza lendi ndi ndalama ya thiransipoti ya mwezi wathunthu, kenako n'kuyerekeza madera awiriwo. Minibasi zambiri za mu Lilongwe zimathera ku depoti ya ku Old Town, choncho wochokera ku Area 36, Likuni kapena Chinsapo amakwera kawiri popita ku Capital Hill, kawirinso pobwerera, ndipo m'mawa amakumana ndi mdipiti wa magalimoto m'tauni. Mafuta akasowa, mtengo wa minibasi ndi kabaza umakwera tsiku lomwelo, pamene lendi imakhala yomweyo mpaka landilodi atapereka chidziwitso. Nyumba yotchipa ya kutali nthawi zambiri imadzakhala yodula.

Manambala a madera asanamize mlendo. Sanaikidwe motsatana ngati nyumba za mumsewu umodzi, moti Area 23 ndi Area 25 zili mbali zosiyana za mzinda. Kwa wogwira ntchito ku Capital Hill, Area 18 ndi yapafupi ndithu, ndipo ena amayenda wapansi. Area 47 ndi Area 49 nazo zili mbali yomweyo. Area 10, 12 ndi 43 ndi za anthu opeza bwino, komabe kuseri kwa nyumba zikuluzikuluzo kumapezeka maboyizikota amene woyamba kumene ntchito angawakwanitse. Kauma ndi Mtandire ndi zotchipa, koma kumeneko nkhani ya madzi, misewu ndi chimbudzi chogawana imafuna kuiona ndi maso.

Nyumba iyenera kuonedwa kawiri, masana ndi madzulo. Masana amaonetsa denga, maloko, ndi ngati mpopi ukutulutsa madzi. Madzulo amaonetsa ngati njira yochokera pa siteji ili ndi anthu kapena ndi ya mdima, komanso ngati kuseri kwa mpanda kuli bala yosagonetsa. Oyandikana nawo nyumba amayankha moona kuposa landilodi pa funso lakuti madzi a Lilongwe Water Board amasiya kangati. Mita ya ESCOM ikakhala imodzi pa mabanja angapo, mkangano wa mayunitsi suchedwa. Nyumba ya m'mbali mwa mtsinje ifunsidwe za dzinja: Lingadzi anasefukira mu 2017 n'kuwononga nyumba ku Mtandire.

Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pasadakhale, ndipo ejenti amafunanso yake. Ndalama isatumizidwe pafoni kwa munthu amene wangoonetsa zithunzi pa Facebook kapena WhatsApp. Iperekedwe kwa mwini nyumba weniweni, pakhale lisiti ndi pangano lolemba lonena za lendi, chidziwitso chotulukira, ndi amene adzakonze zowonongeka.

Za azakhali n'zosavuta kwenikweni. Wolemba kalatayu awathokoze, ndipo ngati kuli kotheka apemphe kukhala kwawo mwezi woyamba asanalipire nyumba iliyonse. Mwezi umenewo udzamuonetsa ndalama ndi nthawi imene ulendo wa ku Area 36 umadya, ndipo Loweruka lililonse adzakhala ndi mpata woyendera nyumba za ku Area 18, 47 ndi 49, atatenga msuweni wodziwa mzinda. Ziwerengerozo akadzaziika pamaso pa azakhali mwaulemu, n'kulonjeza kuti Lamlungu azibwera kudzadya nawo nsima, kusamukako kudzakhala kogwirizana. Akapeza kuti kusiyana kwake n'kochepa, kukhala pafupi ndi achibale amene angamuthandize akadwala ndi chifukwa chokwanira chotengera nyumba ya ku Area 36.