Louisiana: Nthaka Imene Mtsinje Unamanga

Muulutsi: Makalata a lero akufunsa za Louisiana, chigawo cha kummwera kwa dziko la America, ndipo aphunzitsi athu a jogalafe afika kale muno. Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Zomba. Akuti, "Pa mapu ndaona Louisiana pamene mtsinje wa Mississippi umathera. Kodi ndi dera lalikulu bwanji, nanga kumakhala anthu angati?"

Aphunzitsi: Wafunsa bwino mwana wanga. Tikawerengera mtunda ndi madzi omwe, Louisiana ndi masikweya kilomita pafupifupi 135,000, kuposako pang'ono Malawi, koma kalembera wa 2020 anapezako anthu 4.66 miliyoni okha. Likulu ndi Baton Rouge, ngakhale mzinda waukulu ndi New Orleans. Mapiri kulibe. Malo okwera kuposa onse, Driskill Mountain, atalika mamita 163 okha kuchokera pa nyanja, ndipo mbali zina za New Orleans n'zotsika kuposa nyanjayo, moti mvula ikagwa madzi amachita kuwapopa ndi makina kuti atuluke mumzinda.

Koma chimene ndikufuna usunge n'chakuti kummwera konse kwa chigawochi kunamangidwa ndi mtsinje. Mississippi ndi mitsinje yothira mwa iye amasonkhanitsa madzi ochokera m'zigawo 31 za America ndi ziwiri za Canada. Kwa zaka zikwi zambiri mtsinjewu unkasefukira n'kusiya matope, njira ikadzaza n'kupatukira kwina, kukayambanso kuunjika kumeneko. Pansi pa New Orleans sipali mwala, pali matope a mtsinje.

Muulutsi: Bambo ena a ku Dedza akufunsa chifukwa chake mayina a kumeneko amamveka Chifalansa, chonsecho ndi ku America.

Aphunzitsi: Bambo, Afalansa ndi amene anayamba kulitcha lawo. Mmodzi wa iwo, La Salle, anatsika ndi mtsinjewu mu 1682 n'kutcha derali dzina la mfumu yawo, Louis XIV, ndipo New Orleans anakhazikitsidwa mu 1718. Derali linakhalaponso m'manja mwa Spain. Mu 1803, derali litabwerera kwa Afalansa, mtsogoleri wawo Napoleon anagulitsa kwa America dera lonse lalikulu limene linkatchedwa Louisiana pa mtengo wa madola 15 miliyoni, ndipo chigawo cha lero chinalowa mu mgwirizano wa zigawo mu 1812. Palinso a Cajun, zidzukulu za olankhula Chifalansa amene Angerezi anawathamangitsa kum'mawa kwa Canada kuyambira 1755. Koma amene anagwetsa nkhalango, kukumba ngalande ndi kudula nzimbe anali akapolo ochokera ku Africa. Lero pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Louisiana ndi wakuda, ndipo nyimbo za jazi, zimene Louis Armstrong anazitchukitsa, zinabadwira pakati pawo.

Muulutsi: Nayi ina, ya mayi ochita bizinesi ku Mzuzu. "Ndimamva kuti kuli mafuta ndi madoko akuluakulu. Ndiye kuti aliyense kumeneko ndi mpondamatiki?"

Aphunzitsi: Ayi mayi, ndipo nkhani imeneyi imandipweteka mtima. Chuma chilipodi. Chimanga ndi soya zolimidwa kumtunda kwa America zimatsika ndi mtsinje m'mabwato akuluakulu, ndipo kuposa theka la mbewu zimene dzikolo limagulitsa kunja zimakwezedwa m'sitima pa madoko a Louisiana. Kuli mafakitale oyenga mafuta, ndipo kuyambira 2016 doko la Sabine Pass limatumiza gasi kumayiko akunja. Alimi amalima nzimbe, soya ndi mpunga, ndipo m'minda ya mpunga yomweyo amaweta tinkhanu ta crawfish, ndiwo yokondedwa kwambiri kumeneko.

Komabe pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amawerengedwa kuti ndi wosauka, ndipo ndi zigawo zochepa kwambiri zimene zimafika pamenepo. Chuma chambiri chimangodutsa. Fakitale yoyenga mafuta imadya ndalama zankhaninkhani pomanga, koma ikatha kumangidwa imalemba anthu ochepa, ndipo eni ake ambiri amakhala kwina. Kuwonjezera apo, kuyambira m'zaka za m'ma 1930 chigawochi chakhala chikukhululukira mafakitale msonkho wa katundu wawo kwa zaka mpaka 10, ndalama zimene zikanapita ku masukulu ndi misewu ya m'derali. Pakati pa Baton Rouge ndi New Orleans, mtunda wa makilomita pafupifupi 135 m'mbali mwa mtsinje, mafakitale a mankhwala ndi mapulasitiki anamangidwa pa malo amene kale anali minda ya nzimbe. Oyandikana nawo ambiri ndi zidzukulu za akapolo a m'minda yomweyo, ndipo chifukwa cha matenda anthu anatcha derali Cancer Alley. Ine ndimati chigawo chimene chimapereka mtsinje wake ndi mpweya wake chiyenera kulandira zoposa zimene chikulandira.

Muulutsi: Kalata yomaliza ndi ya agogo a ku Nsanje. Alemba kuti, "Ife kuno madzi amativuta chaka ndi chaka. Ndinamva kuti a ku America anamanga zipupa m'mbali mwa mtsinje wawo. Kodi mavuto awo anatha?"

Aphunzitsi: Agogo, funso lanu ndi lalikulu kuposa onse. Mu 1927 Mississippi anasefukira koopsa, anthu mazana a zikwi n'kusowa pokhala. Chaka chotsatira boma la America linakhazikitsa lamulo lopatsa akatswiri a zomangamanga a gulu lankhondo ntchito yoletsa mtsinjewo kusefukira, ndipo anautsekera pakati pa zipupa zazitali zadothi mpaka pafupi ndi nyanja. Mizinda ndi minda inapulumukadi. Koma inu a m'chigwa cha Shire mukudziwa kuti madzi osefukira akaphwa amasiya dothi latsopano m'madimba. Zipupa zija zinatseka madzi, zinatsekanso dothilo. Matope amene ankamanga nthaka tsopano amathamangira m'nyanja yakuya, pamene nthaka yakale ikuphwera yokha pang'onopang'ono, monga amachitira matope alionse.

Kenaka makampani a mafuta anakumba ngalande za makilomita zikwizikwi m'madambo kuti mabwato ndi mapaipi azidutsa. Madzi amchere analowera m'ngalandezo n'kupha udzu ndi mitengo imene mizu yake inkagwira dothi. Kuyambira 1932, Louisiana wataya nthaka yokwana masikweya kilomita pafupifupi 5,000. Anthu a pa chilumba cha Isle de Jean Charles, ambiri a iwo Amwenye eni nthaka, anachita kupatsidwa madola 48 miliyoni mu 2016 kuti asamukire kumtunda, chilumba chawo chitatsala kamzere chabe.

Madambo amenewa ndiwo ankafooketsa mafunde a namondwe asanafike mumzinda. Pa 29 Ogasiti 2005, namondwe Katrina atafika, zipupa za New Orleans zinagumuka m'malo ambiri, zina chifukwa chomangidwa molakwika, ndipo magawo 80 pa 100 alionse a mzindawo anamira. Anthu oposa 1,000 anafa. Mzinda umene unali ndi anthu 484,000 mu 2000 unatsala ndi 344,000 mu 2010, ndipo pofika 2020 unali usanabwerere pa chiwerengero chakale.

Muulutsi: Ndiye palibe chimene angachite, aphunzitsi?

Aphunzitsi: Chilipo, ndipo umboni wake uli komweko. Pamalo otchedwa Old River, m'mbali mwa Mississippi, kuyambira 1963, zitseko zimalola magawo 30 pa 100 a madzi kulowera mu mtsinje wa Atchafalaya. Kumathiriro a Atchafalaya nthaka ikukula, zilumba zatsopano zikumera mitengo, pamene mbali yaikulu ya gombe lotsala ikudyeka. N'chifukwa chake akatswiri anakonza zoboola chipupa kumunsi kwa New Orleans kuti madzi amatope azilowa m'dambo la Barataria. Ndalama zake zinali zina mwa chipukuta misozi chimene kampani ya BP inalipira mafuta atatayikira m'nyanja mu 2010, pa ngozi ya Deepwater Horizon imene inapha anthu 11. Ntchito inayamba mu 2023. Koma asodzi anaikana kwamtuwagalu, ponena kuti madzi opanda mchere adzapha nkhono ndi nkhanu za m'nyanja zimene mabanja awo amadalira, ndipo sankanama. Mtengo wa ntchitoyo unakweranso kufika madola pafupifupi 3 biliyoni. Mu 2025 boma la chigawocho linaithetsa. Ndikuwamvetsa asodziwo, agogo, chifukwa kulanda munthu ntchito yake n'kumuuza kuti adikire nthaka ya zaka 50 zikubwerazo si chinthu chapafupi. Komabe ndikuona kuti boma linalakwa. Likanawalipira asodziwo mokwanira n'kupitiriza ntchitoyo, chifukwa dambo la Barataria likatha, iwonso sadzakhala ndi pomanga nyumba.